Lupu Yachoka, Inu Muli Kutali

9 Malichi

Okondedwa abambo a Kamphuno,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi mwana ndi amayi? Ine kuno ndili bwino, kungoti miyendo imatupa ndikaweruka, koma ndi za ntchito yoimirira basi. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi aja pamodzi ndi kachikwama. Pafoni sindingathe kunena zimene ndikufuna kunenazi, chifukwa mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amene timamutcha Wailesi, makutu ake sagona. Inunso foni yanu imangokhala m'manja mwa mwana.

Nkhani ndi iyi: lupu ija ndachotsa. Ndinapita pa tsiku langa lopuma, monga tinagwirizana muja. Ndinkaopa kuti zipweteka ngati tsiku loika lija, koma anesi anangoti ndikhosomole, ndisanamalize n'komwe anali atachotsa kale. Anandionetsa pa kambale kachitsulo. Abambo, kuchepa kwake! Kapulasitiki koyera ka timanja tiwiri, kosafika ndi chala changa chaching'ono chomwe. Ndinakayang'ana n'kumadzifunsa ngati n'zoona kuti kameneka ndi kamene kandisunga zaka zisanu kuti ndigwire ntchito, tifolere nyumba, mwana ayambe sukulu. Ndinatsala pang'ono kukathokoza.

Popeza yangayi inali ija ya mankhwala, yomwe inandisiyitsa kusamba, ndinafunsa kuti mankhwalawo atha liti m'thupi. Anati sachedwa, ena amaima mwezi womwewo, ena thupi limayamba lafufuza kaye masiku ake. Anandipatsa timapilitsi tomwa m'mawa uliwonse, akuti timathandiza mwana kuumbika bwino, kenako anayamba kundilembera masiku oyenera kukhala malo amodzi ndi abambo. Ali mkati molemba anafunsa kuti, "Nanga abambowo amaweruka nthawi yanji?" Ndinawauza kuti abambo ali ulendo wa masiku awiri pa basi. Anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana, tonse tinayamba kuseka. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo nditatuluka panja misoziyo sinasiye.

M'chikwamamo muli nsapato za mwana, ndagula zokulirapo dala, muike kansanza kutsogolo. Mulinso mafuta a maondo a amayi, ndi malaya anu abuluu, amene sindikufuna kumva kuti mwawavala popala matabwa. Amayi musawauze kaye za lupuzi. Akadziwa ayamba kuwerenga miyezi mokweza.

Ndine mkazi wanu,
amake Kamphuno

4 Meyi

Abambo a Kamphuno,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha mwana chapola. Musamamusiye azisewera m'utuchi, fumbi lakelo ndi limene limamuyambitsa. Ine ndili bwino.

Ndasamba. Zinandipeza kuntchito, ndili pa makina ositira nsalu za pabedi, ndipo ndinangoti kakasi ngati kamtsikana kosadziwa chochita. Ndinali nditaiwala ngakhale kuwawa kwa msana kuja. Wailesi ndi amene anathamanga kukandigulira mapadi, n'kubwera akudandaula za mtengo ngati ndakweza ndine. Akuti sanaonepo munthu akusekerera chifukwa cha m'mimba mopotokola. Koma ine ndakondwadi, ndiye kuti thupi ladzuka.

Ndinakapempha tchuthi kwa akapitawo athu. Ndinawerengera monga anandiphunzitsira anesi, n'kupempha pakati pa Juni. Iwo anati nthawi imeneyo hotela idzakhala yodzaza, kuli misonkhano, ndipite kumapeto kwa mwezi. Sindikanawauza chifukwa chake. Mukukumbukira mtsikana wamtali amene ndinakuuzani kuti amapinda matawulo mwaluso? Mimba itayamba kuoneka anamupatsa ntchito yopepuka, tonse n'kumati abwana ndi achifundo. Kontirakiti yake itatha, dzina lake silinaonekenso pa bolodi. Palibe amene anamuchotsa, anangosiya kumulemba. Ndisanene zambiri.

Mwafunsa ngati ndikudya mokwanira. Ndikudya. Chimene chimandivuta ndi Lamlungu masana. Pawindo lathu pamaoneka bwalo la nyumba yoyandikana nafe, ndipo pali mayi wina amene amayanika tizovala ta khanda lake. Mwamuna wake amatuluka ndi mwanayo paphewa n'kumamutsatira mayiyo pa chingwe, osathandiza kanthu, kungoyenda pambuyo pake. Inu munkatero Kamphuno ali wakhanda, ine n'kumakukalipirani kuti mukundipinga. Tsopano ndimasiya tiyi wanga n'kumawayang'ana mpaka alowe.

A sukulu aja akafuna madesiki, muwauze agule okha matabwa. Ndimakudziwani, simutha kukana munthu.

Mkazi wanu

16 Julayi

Okondedwa abambo,

Ndinafika bwino, ngakhale basi inachedwa kwambiri pamalire. Ndikhulupirira mwana wasiya kulira. Mumuuze kuti chithunzi chimene anandijambulira ndachimata pamwamba pa bedi, ndipo Wailesi akufunsa chifukwa chake inu muli ndi makutu ngati mbale.

Tchuthi chija ndikachiganiza sindidziwa ngati ndiseke kapena ndilire. Kuyenda ulendo wonse uja, n'kuyamba kusamba tsiku lofika lomwelo! Inu munati zilibe kanthu, bola ndafika, koma ine ndinakwiyira thupi langa ngati mnansi wopanda ulemu. Zitatha zimenezo, Kamphuno kukakamira kugona pakati pathu, mwendo wina pa ine, wina pa inu. Sindikanamuthamangitsa, mwana amene amandiona kawiri pa chaka. Munachita bwino kumunyengerera ndi maswiti kuti akagone kwa agogo ake masiku otsiriza aja, koma ndi pamene amayi anatulukira zonse.

Sindinakuuzeni ndili konko. Tsiku lina tikutsuka mbale amayi anandiuza kuti tinthu ta kuchipatala timeneti timaumitsa m'mimba mwa munthu, ndipo akudziwa wina amene anaika, mpaka lero ali chikhalire. Sananene mwaukali, anali akupukuta kapu, maso ali pa kapupo. Ine ndinangoti ndamva, amayi. Musawafunse, chonde. Iwo anabereka asanu ndi mmodzi, n'kutsala ndi inu ndi alamu anga basi. Ndikudziwa chimene amaopa akaona mwana akusewera yekha pakhonde.

Powerengera masiku, oyenera aja anagwera kumapeto kwenikweni, pamene ndinali kulongedza kale katundu. Mwina tinapeza, mwina tinaphonya. Dzulo fungo la sopo wa kuntchito linandinyansa, ndipo ndinakana kunyamula mtolo wa nsalu zonyowa, n'kunamizira msana. Mwina ndi maganizo chabe. Koma ndimayenda pang'onopang'ono pa masitepe, ngati ndanyamula beseni lodzaza madzi.

Malaya anu akale amene mumawafunafuna aja ndinatenga ndine. Sindinawachape.

Ine wanu

10 Ogasiti

Abambo a Kamphuno,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino.

Palibe. Ndinachedwa kusamba sabata yonse ndi masiku ena pamwamba, mpaka ndinagula kachipangizo koyezera kaja. Kanaonetsa mzere umodzi. Ndinadziuza kuti ndafulumira kuyeza, koma m'mawa mwake zinabwera. Ndinapita kuntchito monga mwa masiku onse. Ubwino wa kochapira n'ngwakuti nkhope ya aliyense imakhala yonyowa ndi nthunzi.

Zimene mwalemba zija ndaziwerenga kangapo. Mwachita bwino kundiuza nokha ndisanazimve kwa ena. Ndiye alamu akuuza anthu kuti lupuyo sindinachotse, ndinangokunamizani, chifukwa kuno ndili ndi wina? Ndikanadziwa ndikanapempha kapulasitiki kaja kwa anesi, n'kukakulunga m'pepala kuti alamu akapachike m'nyumba mwawo. Mwati inu simukukhulupirira. Ndikudziwa. Koma mwalembanso kuti simunawayankhe, ndipo pamenepo ndi pamene pandipweteka.

Kuno ndimadziwa msewu wopita kuntchito, golosale ya pakona, tchalitchi ndi chipatala. Mwamuna amene ndimalankhula naye kwambiri ndi mlonda wa pageti, ndipo mano anamuthera kalekale.

Yunifolomu ya mwana ndatumiza. Ikatalika musadule, mupinde.

Mkazi wanu

5 Okutobala

Okondedwa amuna anga,

Muli bwanji? Maondo a amayi ali bwanji ndi kutenthaku? Ine ndili bwino. Zikomo chifukwa chokalankhula ndi alamu. Ndamva kuti munalankhula mpaka anthu a nyumba yachitatu anamva, inu amene simukweza mawu ngakhale nyundo ikuphwanyeni chala. Sindinafune kuti mudane ndi mchemwali wanu, koma ndisaname, tsiku limenelo ndinadya bwino.

Ndinapitanso kuchipatala kukafunsa ngati lupu ija inandiwononga. Anesi omwe aja anandipima n'kunena kuti sakuona vuto, ndipo lupu siumitsa munthu. Akuti anthu amayamba kufufuzidwa, mkazi ndi mwamuna yemwe, pakatha chaka akuyesa osaona kanthu. Nditati ife tadutsa kale theka la chaka, anandiyankha kuti, "Mayi, chaka chimene ndikunena ine ndi cha anthu ogona nyumba imodzi. Inu mwayesa kamodzi."

Ndiye ndikupempha chinthu. Bwerani inuyo. Tchuthi changa china chili kutali, koma inu bwana wanu ndinu nokha. Tsekani shedi sabata imodzi, kumayambiriro kwa Novembala, matabwa sathawa. Mwana atsale ndi amayi. Ndikudziwa kuti simunatulukepo m'dziko, ndipo mumadana ndi basi chifukwa cha miyendo yanu italiitaliyo, koma pemphani mpando wa kutsogolo kwa adalaivala athu aja. Mapepala anu muike m'thumba la mkati, osati la kumbuyo. Pamalire muyankhe zimene akufunsani zokha, musayambe kuwafotokozera za mitundu ya matabwa. Mutenge juzi, m'basimo mumazizira.

Wailesi wavomera kukagona kwa mng'ono wake. Anandiuza kuti ndisamuthokoze, koma mwanayo akadzabadwa adzamutche dzina lake. Ndinamufunsa ngati akufuna mwana wanga adzatchedwe Wailesi, anandigenda ndi pilo.

Chipindacho n'chaching'ono, musadzadabwe. Mabedi awiri, kasitovu, ndi chingwe choyanikapo zovala. Ndinkakuuzani kuti ndimakhala pabwino, ndipo n'pabwinodi, koma mudzaona nokha.

Ndikudikira,
amake Kamphuno

7 Disembala

Abambo anga okondedwa,

Moni kwa inu, kwa mwana ndi kwa amayi. Ndinakuuzani kale pafoni, koma munangofunsa ngati ndadya. Ndiye ndikulemba kuti muone ndi maso: mizere iwiri. Ndinayeza kawiri, ndipo kuchipatala atsimikiza. Ndikumva nseru m'mawa uliwonse ndipo sindinakondwerepo ndi nseru chonchi.

Chichokereni inu, chipinda chino chasanduka chanu. Shelefu imene munakhoma ija Wailesi waikapo mafuta ake onse, ine wandisiyira kakona. Windo likutsekeka tsopano. Mwendo wa bedi sukugwederanso. Munabwera kudzacheza ndi mkazi wanu koma munathera masana onse mukukonza nyumba ya eni ake, ndipo ndikaweruka ndinkakupezani mwakhala pa sitepe, mwaphika kale mpunga wopsereza. Palibe amene anandidikirirapo pakhomo kuno. Ndimafikabe pakona paja n'kukweza maso.

Tsiku limene munandiperekeza kuntchito n'kusuzumira pa chitseko cha kochapira, ndinaona nkhope yanu. Pobwerera munagwira manja anga, n'kumayang'ana ming'alu ija, ndipo munati, "Tiye kwathu." Ndinakana, ndipo ndikanali kukana. Ndiloleni ndimalize kontirakiti ino, ithe mu Malichi. Mimba idzakhala isanaoneke kwenikweni, yunifolomu yathu ndi yotaya. Ndikamaliza bwino amapereka kangachepe kotsazikira, kameneko n'kamene tidzaikire magalasi ndi kupulasitala chipinda cha ana. Mwaona, ndalemba kuti ana.

Ndapempha kuti andichotse pa makina akuluakulu, akapitawo ati aona chaka chikatha, pano alendo achuluka. Musadandaule, ndikusamala.

Amayi muwauze, koma iwo okha. Mwana ayi, angalengeze kusukulu. Ndipo musayambe kupanga kabedi, ndakudziwani. Dikirani kaye.

Wanu nthawi zonse

26 Januwale

Abambo a Kamphuno,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Pepani kuti ndakhala chete, ndi kuti mafoni anu ena sindinayankhe. Ndinkaona dzina lanu likuwala, mawu osabwera.

Ndili bwino tsopano. Magazi anasiya, ndipo ndabwerera kuntchito. Zimene anakuuzani Wailesi tsiku lija ndi momwemo, palibe chimene anabisa. Anakhala nane kuchipatala mpaka ananditulutsa, ndipo kwa nthawi yoyamba chimudziwireni sanalankhule kanthu. Ankangondisisita phazi.

Ndinafunsa adokotala ngati mimbayo inachoka chifukwa cha mitolo ya nsalu, kapena kutentha kwa makina, kapena lupu ija. Anati ayi, zimachitikira amayi ambiri miyezi yoyambirira, ngakhale amene amangokhala pa mpando, ndipo nthawi zambiri palibe chimene munthu akanachita. Anatinso zaonetsa kuti ndikhoza kuima, ndipo thupi likapuma tikhoza kuyesanso. Ndinamva zonsezo. Koma ndikamakweza mtolo ndimadzifunsabe. Inu simunandifunse chifukwa chake sindinabwerere nanu tsiku lija, ndipo ndikuthokoza. Ndimadzifunsa ndekha mokwanira.

Kuntchito ndinanena kuti anali malungo. Akapitawo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiika kopinda matawulo.

Amayi anandiimbira. Ndinkaopa kuyankha, ndimayesa anena za tinthu ta kuchipatala tija. Sanatchule n'komwe. Anandiuza kuti iwonso zinawachitikira inu musanabadwe, ali okha kumunda, ndipo sanauzepo munthu. Kenako anati, "Mwana wanga, ukumwa madzi otentha?" Chikwatiwire sanandiitanepo choncho. Muwagulire shuga, ndipo muwauze kuti ndikumwa.

Mwalemba kuti matabwa a kabedi munali mutadula kale. Musawataye, komanso ndisadzawaone. Muwaike kudenga kwa shedi.

Mkazi wanu

15 Malichi

Okondedwa amuna anga,

Muli bwanji? Ine ndili bwino, mphamvu zabwerera, ndipo ndasamba kawiri bwinobwino.

Dzina langa lili pa bolodi. Akapitawo anandiitana n'kundipatsa kontirakiti yatsopano ya zaka ziwiri, ati ndikhala woyang'anira opinda nsalu, ntchito yokhala pansi. Ndinaitenga n'kukhala nayo masiku angapo. Wailesi anati ndikakana ndine wopusa, kenako anati ndikavomera ndine wopusa kwambiri. Dzulo ndinaibweza osasaina. Ndikudziwa chimene ndasiya. Sukulu ya mwana tsopano idalira shedi yanu, ndipo pulasitala adikira. Ndagula simbi yabwino ya magetsi ndi kathebulo kake. Aphunzitsi ndi anthu a m'maofesi kumeneko amafunanso malaya osita, ndipo palibe amene angandipose pa kolala.

Mu kalata yanu munalemba kuti ngakhale wina asadzabwere, inu muli ndi mwana ndipo muli ndi mkazi, kungoti mkaziyo simumuona. Sindinayankhe nthawi yomweyo chifukwa ndinkafuna kutsimikiza kuti sindikubwera chifukwa cha mimba yokha. Mwana wachiwiri ndikumufunabe, sindinama, ndimamufuna mpaka m'mafupa. Tidzayesa, ndipo chaka chikadzatha tidzapita limodzi kuchipatala, inunso mukapimidwe, musadzati kuli oda ya mipando. Koma kaya abwere kaya asabwere, ine ndatopa kukhala mlendo m'nyumba mwanga.

Ndikuopa pang'ono. Zaka zonsezi takhala tikuonana ngati anthu a pachibwenzi, inu kumeta ndevu, ine kubwera ndi mphatso, aliyense kubisa zotopetsa zake chifukwa masiku ndi ochepa. Sindikudziwa ngati mudzandipirire ndikadzayamba kudandaula za utuchi wa m'bafa tsiku ndi tsiku. Kamphuno naye anazolowera mayi wa maswiti, sakudziwa kuti ndimakalipa. Koma zimenezo n'zimene ndikuzifuna. Ndikufuna tidzakangane za mchere, ndigone nditakufulatirani, ndipo m'mawa mudzakhale mulipobe.

Ndinyamuka Lachisanu lomaliza la mwezi uno. Katundu ndi wambiri, mubwereke ngolo. Mwana mumuuze m'mawa wa tsiku lofika ine, apo ayi sagona sabata yonse. Akadzafunsa kuti ndibwerera liti, musamuyankhe. Ndidzamuuza ndekha.

Ndine mkazi wanu,
amake Kamphuno